Kajambulidwe ka khitchini yokonzedwa kumene

Mmisiri wina wopala matabwa, atangomaliza kukhoma makabati a mlombwa m'khitchini ya nyumba ina, ananditumizira zithunzi za ntchito yakeyo kuti ndimuthandize kusankha zoti aike pa Facebook. Khitchiniyo ndinali nditaiona ndi maso anga dzulo lake, ndipo inali ntchito yosiririka: zitseko zokhala bwino, matailosi oyalidwa mwaluso, ndi matabwa ofiirira a mizeremizere amene munthu sakanatha kuwadutsa osawasisita. Koma pa zithunzipo zonsezi panalibe. Iye anajambula dzuwa litalowa kale, babu la kudenga likuyaka, foni ataikweza pamwamba pa mutu n'kuiweramitsa, moti makabati ankaoneka ngati akufuna kugwa, mlombwa unasanduka wachikasu ngati paini wopakidwa vanishi wotchipa, ndipo pakati penipeni pa chithunzi panali chitini cha penti chimene anaiwala kuchotsa. Foni yake inalibe vuto lililonse. Zimene zinalakwika zinalakwika iye asanadine n'komwe batani lojambulira, ndipo malangizo otsatirawa akukhudza kwambiri nthawi imeneyo, kaya mukujambula kuti mupeze makasitomala, kuti mupeze wochita lendi, kapena kuti muonetse abale ali kutali mmene ndalama zimene anatumiza zagwirira ntchito.

Ntchito yoyamba ndi ya tsache ndi nsanza. Khitchini imene amisiri angotulukamo kumene imakhala ndi fumbi la simenti ndi utuchi m'malo amene diso silifikamo msanga, koma kamera imaliona lonse, makamaka pamene kuwala kukulowera cha m'mbali. Pukutani matailosi kufikira utoto woyera wa simenti ya m'mipata yake utachokeratu, matulani mapepala a fakitale amene amamatidwa pa sinki, pa firiji ndi pa uvuni, ndipo muumitse sinki ndi mpopi ndi nsalu youma, chifukwa madontho a madzi amasiya timawanga tooneka bwino lomwe pa chitsulo chonyezimira. Tsukani zenera mbali zonse ziwiri. Mukatero imani patali n'kuyang'ana mzere wa zitseko za makabati: ngati china chatsika pang'ono kuposa chinzake, mahinjesi ambiri amakono ali ndi timasikuluwu towongolera, ndipo mphindi zisanu za sikuludiraiva zimachotsa chilema chimene pa chithunzi chikanaoneka ngati kulephera kwa mmisiri. Ngati mukuwerenga izi ntchito isanayambe, jambuliranitu khitchini yakaleyo ndi kukumbukira pamene munaima ndi msinkhu umene munagwirira kamera, kuti chithunzi chakale ndi chatsopano zidzafanane kaimidwe pozilinganiza.

Kuwala

Zimitsani magetsi onse a m'khitchinimo ndipo mujambule ndi kuwala kwa pa zenera. Ambiri amadabwa ndi langizo limeneli poganiza kuti kuchuluka kwa kuwala ndiko kumakometsa chithunzi, koma vuto lili pa mtundu wa kuwalako. Kuwala kwa masana kuli cha m'ma 5,500 pa muyeso wa Kelvin, babu lofiirira lili cha m'ma 2,700 mpaka 3,000, pamene mababu oyera mbee amene amagulitsidwa kwambiri amafika mpaka 6,500. Maso a munthu amazolowera kusiyana kumeneku mosazindikira, koma kamera imayenera kusankha mtundu umodzi woti iutenge ngati woyera, ndipo ikasankha wa pa zenera, mbali ya babu lofiirira imatuluka yachikasu. Ikasankha wa babu, mbali ya zenera imatuluka yabuluu. Khoma limodzi lopakidwa penti imodzi limaoneka la mitundu iwiri, ndipo palibe pulogalamu ya pa foni imene ingakonze zimenezi mosavuta. Babu la kudenga lilinso ndi choipa china: limaponya mithunzi yakuda pansi pa makabati a m'mwamba, pamene pali matailosi amene mwinamwake ndiwo anadya ndalama zambiri. Fulashi ya kamera musaiyatse n'komwe, pakuti imangosiya chibanga choyera pa chilichonse chonyezimira.

Nthawi yojambulira siisankhidwa poyang'ana wotchi yokha, koma poyang'ana kumene zenera lapenya. Chofunika ndi kuwala kofewa kodzaza chipinda chonse, osati dzuwa lolowa mwachindunji n'kujambula mithunzi ya zitsulo zotchingira akuba pansi ndi pa makabati. Zenera lopenya kum'mawa limavuta m'mamawa n'kukhala bwino masana. Lopenya kumadzulo ndi labwino m'mawa. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza amene amaphunzira kwa ojambula a ku Ulaya ndi ku America, chifukwa iwo amaphunzitsa kuti zenera lopenya kumpoto ndilo limapereka kuwala kofewa. Zimenezo n'zoona kwawoko. Kuno kum'mwera kwa equator, m'miyezi yozizira ya June ndi July dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera lakumpoto ndilo limalowetsa dzuwa, pamene lakum'mwera limapereka kuwala kofatsa tsiku lonse. Cha mu October ndi mu February dzuwa la masana limakhala pafupifupi pamutu penipeni, moti silimalowa kwambiri pa zenera lililonse la nyumba yokhala ndi denga lotulukira kunja. Ngati n'kotheka, pitani ku nyumbayo tsiku loti simukujambula, mukaone mmene kuwala kumayendera m'mawa, masana ndi madzulo.

Tsiku la mitambo ndi bwenzi la wojambula m'nyumba. Masiku a chiperoni ku Blantyre, ku Thyolo kapena ku Mulanje, pamene aliyense akudandaula za kuzizira ndi zovala zosauma, kuwala kumakhala kofewa kotero kuti mtundu weniweni wa thabwa ndi penti umatuluka popanda kulimbana nawo. Dzuwa likakhala lowala ndipo simungadikire, pachikani nsalu yoyera yopyapyala pa zenera, ngakhale nsalu yoyala pa bedi, kuti ifewetse kuwalako. Ikhale yoyera ndithu, chifukwa katani yobiriwira kapena yofiira imapaka mtundu wake chipinda chonse. Mbali imene ili kutali ndi zenera ikada kwambiri, tsekulani chitseko cha kuseri, kapena pemphani wina agwire chikatoni chachikulu choyera moyang'anizana ndi zenera, kunja kwa chithunzi, kuti chibweze kuwala ku mbali yamdimayo. Musafune kuthetseratu mthunzi wonse, popeza ndi mthunzi wofewawo umene umaonetsa kuti kabati ili ndi kuya kwake.

Khitchini yopanda zenera lokwanira, monga zilili m'nyumba zambiri za lendi, imakakamiza kuyatsa magetsi, ndipo zikatero onetsetsani kuti mababu onse ndi a mtundu umodzi. Mukaona mizere yakuda ikuyendayenda pa sikirini, dziwani kuti ndi kuphethira kwa mababu ena a LED, kochokera ku magetsi athu a 50 Hz. Kutsitsa liwiro la shutter, kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe m'kamera, kufika pa 1/50 ya sekondi kapena kucheperapo kumathetsa zimenezi. Timagetsi tokongoletsera ta pansi pa makabati mungatijambule payokha m'chithunzi chimodzi cha madzulo, kunja kusanade bii.

Kaimikidwe ka kamera

Chimene chimasiyanitsa msanga chithunzi cha katswiri ndi cha munthu wamba ndi mizere yoimirira. Ngodya za makoma, mafelemu a zitseko ndi m'mbali mwa firiji ziyenera kuoneka zoongoka kuchokera pansi kufika pamwamba, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha kamera itaima chilili, yosaweramira pansi kapena kugadamira kudenga. Yatsani grid m'makonzedwe a kamera ya foni yanu kuti pa sikirini paoneke mizere, ndipo mulinganize mizereyo ndi ngodya ya khoma. Za msinkhu, kumbukirani kuti pamwamba pa makabati apansi, pamene ambiri amapatcha pa kauntala, pamakhala pafupifupi masentimita 90 kuchokera pansi. Kamera ikhale pamwamba pang'ono pa pamenepo, pakati pa masentimita 110 ndi 130, ndiko kuti cha pa chifuwa cha munthu wamkulu. Mukaikweza kufika pa maso mudzakakamizika kuiweramitsa kuti pansi paoneke, ndipo mizere idzapendekeka. Mukaitsitsa kwambiri, pamwamba pa kauntala sipadzaoneka ndipo mudzaonetsa kunsi kwa makabati a m'mwamba, kumene kawirikawiri sikukhala komalizidwa bwino.

Poti magetsi ndi ozimitsa, kamera imafuna nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala kokwanira, ndipo dzanja la munthu silingakhale chete nthawi yonseyo. Choikapo kamera cha miyendo itatu, chimene ojambula amachitcha tripod, ndicho chida choyamba kugula, ngakhale musanaganize za kamera yodula. Ngati mulibe, ikani mpando pa tebulo laling'ono kapena sanjikizani mabuku, n'kutsamiritsa foni pa kathumba ka mpunga kapena nyemba, kamene kamagwira foni bwino pa kaimidwe kalikonse. Gwiritsani ntchito timer ya masekondi 2 kapena 3 kuti kugwedezeka kwa chala chanu kuthe chithunzi chisanajambulidwe. Amene muli ndi kamera yosintha malenzi, ikani ISO (mphamvu imene kamera imatolera kuwala) pa 100 kapena 200, aperture (kukula kwa bowo lolowera kuwala mu lenzi) pa f/8 kufikira f/11 kuti zapafupi ndi zakutali zonse zioneke bwino, ndipo liwiro la shutter mulilole litsike mmene lingafunire, ngakhale kufika sekondi yathunthu. Ndipo pukutani lenzi. Foni imakhala m'thumba ndi m'manja amafuta tsiku lonse, ndipo chifunga chimene anthu amachiona mozungulira zenera m'zithunzi zawo kawirikawiri chimachokera pamenepo.

Makhitchini athu ambiri ndi aang'ono, ndiye pamakhala chiyeso chodina 0.5x pa foni kuti zonse zilowe. Lenzi imeneyo imatalikitsa zinthu za m'mphepete, moti firiji imanenepa, mphika wozungulira umaoneka ngati dzira, ndipo chipinda chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili. Wofuna lendi akabwera n'kupeza kakhitchini kopanikiza, amamva kuti ananamizidwa asanaone n'komwe zipinda zina. Kuli bwino kukhalabe pa 1x n'kubwerera m'mbuyo, ngakhale kuimika kamera kunja kwa khomo n'kujambulira pa khomopo. Pa kamera yaikulu, lenzi ya pakati pa 24mm ndi 35mm imakwanira. Sikofunika kuti khitchini yonse ilowe m'chithunzi chimodzi. Jambulani chimodzi mutayang'anizana ndi khoma lalikulu mwachindunji, mizere yopingasa ya kauntala ndi makabati itagona bwino, chifukwa kaimidwe kameneka kamaonetsa dongosolo la ntchito ya mmisiri. Kenako china kuchokera pa ngodya, choonetsa makoma awiri ndi mmene munthu angayendere kuchokera pa sinki kupita pa chitofu ndi pa firiji.

Zenera likalowa m'chithunzi limakonda kutuluka loyera phee, chifukwa kunja kumawala kwambiri kuposa m'kati. HDR ya pa foni, imene imalinganiza malo owala ndi odera, imathandizako, ndipo pa kamera mungajambule zithunzi zitatu kamera isanasunthe, chodera, chapakati ndi chowala, n'kudzaziphatikiza pa kompyuta. Komabe zenera lowalirapo pang'ono si tchimo, makamaka ngati kunja kwake kuli mpanda wa njerwa ndi chingwe choyanikapo zovala. Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi chithunzithunzi chanu chomwe: yang'anani m'galasi la uvuni, m'ketulo ndi m'matailosi onyezimira, chifukwa m'menemo ndimo mumapezeka munthu wogwira foni. Kusuntha kamera pang'ono kapena kuvala zakuda kumathandiza.

Zoyenera kuchotsa ndi zoyenera kuikamo

Yambani n'kuchotsa zonse pa kauntala, kenako mubwezeretse chimodzichimodzi. Sopo ndi siponji za pa sinki, choikamo mbale zotsukidwa, bini, kalendala, maginito a pa firiji, zingwe za ketulo ndi za mayikulowevu, mabotolo a mafuta ophikira okhala ndi mayina a makampani, zidebe zosungiramo madzi, zonsezi zidikire kunja. Khitchini yopanda kanthu kalikonse, komabe, imaoneka ngati ya m'sitolo yogulitsa makabati, ndipo woiona samatha kudziyerekeza akuphikamo. Cholinga n'choti ioneke ngati ya munthu waukhondo amene wangotuluka kumene kukatenga kanthu panja.

Pa nkhani ya zoikamo ndili ndi maganizo anga amene ena sangagwirizane nawo. Ndaona zithunzi zambiri za makhitchini a kuno zokongoletsedwa motengera za pa Pinterest, zokhala ndi botolo la vinyo, maluwa apulasitiki ndi timabolodi tolembedwa mawu a Chingerezi, ndipo zonse zimafanana ngati zinajambulidwa m'nyumba imodzi. Zinthu zathu zomwe zimajambulika bwino kuposa zimenezo, chifukwa zili ndi khungu logwira kuwala. Lichero latsopano lotsamiritsidwa ku matailosi oyera limathyola kuzizira kwa khomalo ndi malukidwe ake. Mithiko iwiri ndi chipande zoimikidwa m'kamtsuko kadothi pafupi ndi chitofu zili pamalo pake penipeni, ndipo aliyense wophika nsima amadziwa chifukwa chake zili pamenepo. Nsengwa ya tomato wakupsa, mapeyala atatu pa thabwa lodulirapo, mandimu okhala ndi masamba ake, kambale ka tsabola wa kambuzi, makapu owumbidwa ngati a ku Dedza Pottery, kapena nthambi imodzi yobiriwira yothyola pabwalo n'kuiika m'botolo lagalasi, n'zokwanira. Chitenje chopindidwa bwino n'kupachikidwa pa chogwirira cha uvuni chimabweretsa mtundu, bola chisakhale cha chipani, cha mpingo kapena chokhala ndi nkhope ya munthu, chifukwa ndemanga zonse zidzakhala za chitenjecho, makabati n'kuiwalika.

Zinthuzi muziike m'timagulu m'malo mozimwaza pa kauntala yonse ngati katundu wa pa msika. Kagulu kamodzi kakhale ndi chachitali, chapakati ndi chachifupi, zitayandikana mpaka china kubisako chinzake pang'ono, ndipo pakati pa kagulu ndi kagulu pakhale malo opanda kanthu oti diso lipumulepo ndi kuona kauntala yeniyeniyo. Timagulu tiwiri kapena titatu timakwanira khitchini yapakatikati. Mitundu isapitirire iwiri kapena itatu, ndipo ichokere ku zimene zili kale m'chipindamo: makabati a mlombwa kapena a mbawa amagwirizana ndi zobiriwira ndi zoyera, pamene makabati oyera kapena otuwa amafuna chofiira cha tomato kapena chikasu cha mandimu kuti adzuke. Chinsinsi chachikulu n'chakuti muzikonza mukuyang'ana pa sikirini, osati ndi maso okha, popeza kamera imaphwatalalitsa zinthu mwa njira yake. Mtsuko umene ukuoneka kuti uli pabwino mutaimirira ukhoza kuoneka pa chithunzi ngati wamera pa mpopi, ndipo kuusuntha ndi masentimita asanu okha kumakonza zonse. Choncho kamera ikhale pamalo amodzi, inu muziyenda uku ndi uku, kusuntha, kubwerera kukaona, kusunthanso. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo chithunzi chimodzi chikhoza kudya theka la ola.

Masamba monga mpiru ndi nkhwani amafota msanga, makamaka m'nyengo yotentha ya October, ndiye muwasunge m'madzi ozizira n'kuwaika pomaliza, zonse zitakonzeka. Ngati mukufuna nthunzi ya tiyi ioneke, kapu ikhale pakati pa kamera ndi zenera, kumbuyo kwake kuli chinthu chodera. Munthu wodutsa kapena manja odula anyezi amapatsa chithunzi moyo ndiponso amaonetsa kukula kwenikweni kwa chipinda, koma mumupemphe kaye mwiniwakeyo.

Pali malire pakati pa kukongoletsa ndi kunamiza. Kuchotsa bini ndi kukongoletsa. Kubisa chinyezi cha pa khoma ndi lichero pamene mukusaka wochita lendi ndi kunamiza. Silinda ya gasi ngati ili ndi kabati yakeyake, jambulani chithunzi china kabatiyo itatsekulidwa, chifukwa kwa munthu amene amadziwa kuphika magetsi atazima, malo amenewo ndi chinthu chamtengo kuposa maluwa. Ndipo ngati nyumbayo si yanu, pemphani chilolezo musanaike zithunzi pa intaneti, chotsani zithunzi za banja ndi makalata okhala ndi mayina, ndipo muonetsetse kuti pa zenera sipakuoneka chizindikiro choloza kumene nyumbayo ili.

Mukamaliza zithunzi zazikulu, yandikirani. Chogwirira cha diloo, polumikizirana matabwa, mpopi pamodzi ndi mzere wa matailosi, m'kati mwa diloo yotsekulidwa theka, izi ndizo zimauza kasitomala kuti mmisiriyu ndi wosamala. Apa gwiritsani ntchito 2x pa foni kapena lenzi ya 50mm, aperture itatsekuka cha pa f/2.8 kapena f/4 kuti zakumbuyo zizimiririke pang'ono.

Kukonza ndi kutumiza

Kukonza chithunzi pa foni kukhale kochepa. Mapulogalamu ngati Snapseed ndi Lightroom ali ndi zida zowongolera mizere imene yapendekeka pang'ono, ndipo muyambire pamenepo. Kenako linganizani white balance, chida chochititsa kuti zoyera zioneke zoyeradi, poyang'ana chinthu chimene mukudziwa kuti n'choyera, monga firiji kapena siling'i, kwezani pang'ono kuwala kwa m'malo odera, basi. Musawonjezere ukali wa mitundu, chifukwa munthu adzafuna makabati a mtundu umene wauona pa chithunzi, ndipo mtunduwo uyenera kukhala woti ulipodi. Ngati foni kapena kamera yanu imalola kujambula mu RAW, mtundu wa fayilo yosunga zonse zimene kamera yatola, teroni, popeza mtundu umakonzeka bwino kwambiri popanda kuononga chithunzi.

Jambulani zoimirira ndi zogona zomwe. Zoimirira za muyeso wa 4:5 zimadzaza bwino sikirini ya foni pa Instagram ndi pa Facebook, pamene zogona zimafunika pa masamba otsatsa nyumba. Pa zonse zimene mwajambula sankhani zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zokha, choyamba chikhale choonetsa chipinda chonse, zapafupi zibwere pambuyo. Potumiza kwa mwini nyumba kapena kwa wosindikiza, musatumize pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, chifukwa imafinya chithunzi n'kuchotsa tizinthu ting'onoting'ono, mizere ya thabwa n'kusanduka phala. Sankhani kutumiza ngati document, ndipo zithunzi zoyambirira muzisunge padera musanazikonze.